Dzanja Lothira Mchere

Panali nyengo ina m'moyo wanga pamene chuma changa chonse chinali chakuti ndinalibe mwamuna. Musaseke. Umasiye umene unandichotsa m'nyumba ndi womwewo umene unandipezera pogona ku Furancungo, ndipo ndikufuna kunena mmene ndinapapezera pogonapo ndi mmene panandipulumukira.

Ndinabadwira ku Ntengo-Wambalame, kumene mphepo imaluma ngakhale dzuwa lili paliwombo. Nkhondo inatithamangitsira ku Malawi ndili wamng'ono, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kulemba ndi kuwerenga. Mayi anga anatsala komweko, m'manda a eni ake. Ine ndinabwerera ndi amalume, amene anandilera mpaka kundikwatitsa kwa mnyamata wolima fodya wa ku Chidzolomondo. Kwathu mwamuna ndiye amadzamanga kwa mkazi, koma ine ndinapita chitengwa, kukakhala kwawo kwa mwamuna, chifukwa amalume anaona kuti pakhomo pachepa pakamwa pamodzi. Munthu ameneyo ndinakhala naye zaka zambiri. Sanali woipa, sanalinso wabwino kwenikweni, anali mwamuna basi. Ana Mulungu anatipatsa awiri, n'kuwatenganso asanayambe kuyenda.

Atamwalira, titameta, abale ake anandisudzula mwaulemu wonse. Anandipatsa poto, mphasa ndi khasu lakutha, nandiuza kuti tsopano ndine womasuka. Ndinabwerera ku Ntengo-Wambalame n'kupeza amalume anatsikira kale kulichete, ndipo munda wa mayi anga uli mbee ndi maluwa a kachewere wa asuweni anga. Anandilandira ngati mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Mbale yanga inayamba kuchepa tsiku ndi tsiku, kenako mkazi wa msuweni wanga anayamba kusesa pamalo pomwe ndakhala. Ine si mwana woti mpaka andiuze. Ndinagulitsa khasu lija, ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, ndinakatsikira ku Furancungo kumene ndinamva kuti ganyu sasowa.

Masana msika ndi wa aliyense. Ukhoza kusenza matumba a nyemba, kutungira madzi ophika m'mabaraka, tinyumba togulitsiramo zakudya ndi zakumwa, kusesa pansi pa mabenchi, n'kulandira mbale ya zotsala. Vuto limayamba anthu akamapinda malona awo. Aliyense amakhala ndi kolowera, ngakhale agalu, iwe n'kumangoyendayenda ngati waiwala chinthu.

Akazi otere tinalipo angapo, koma sitinkacheza. Umphawi wa mtundu umenewu sugwirizanitsa anthu, aliyense amaopa kuti mnzake amulanda ngodya yake. Amene anandiyankhula anali mayi wina wachikulire wa mwendo wotupa, amene msika wonse unkamuyesa wamisala. Anandipeza m'mawa wina ndikusamba kumaso pamjigo.

"Iwe mlendo, ukusambiranji?" anandifunsa. "Ukufuna akuone ndani? Kuno litsiro ndiye mpanda wako. Usasambe, usapese, ndipo mwamuna akayandikira uziyankhula wekha."

Misala analibe ngakhale pang'ono mayi ameneyo. Ndinamumvera. Ndinavala kabudula wa malemu amuna anga mkati mwa kapulana, chitenje changa, n'kumumanga ndi chingwe cha thumba, ndipo tsitsi ndinalisiya lipotane mmene likufunira. Mpandawo unkagwira ntchito yake, koma sunkatchinga zonse. Woledzera akakupunthwa amakuponda, ngati iwe ndiwe walakwa kugona panjira ya mapazi ake. Wina amakuthira madzi kuti uchoke pakhonde la sitolo. Mwezi wa chisanu unandisiyira chifuwa chimene chinkandigwedeza mpaka nthiti. Ndipo pali zina zimene akazi okhala m'nyumba saziganizira n'komwe: nsalu zakumwezi ulibe pozichapira, ulibe poziyanika. Ine ndinkaziumitsa m'chiuno momwemo, mpaka khungu linasupuka. Mvula itayamba m'mimba munatsegula. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma amene anapeka mwambi umenewu anali ndi nyumba.

Mwa anthu amene ndinkawatungira madzi munali mtsikana wina wa baraka yophika mpunga ndi nyemba, kumene ankadyera anyamata a mota, onyamula anthu panjinga zamoto, ndi anthu obwera kumaofesi a boma. Anali ndi mimba yoyamba, amayi ake ali kutali, apongozi akenso kutali. Ankandiitana kuti atitiya, monga ana a masiku ano aitanira mkazi aliyense wowaposa msinkhu. Atachira, anandiitanitsa kuseri kwa baraka, khanda lili pamiyendo.

"Atitiya, musandimvere molakwa. Kodi muli ndi mwamuna?"

Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira. "Amake mwana, tandiyang'anani bwino. Mwamuna wake ndani?"

"Ndiye ndinu amene ndikufuna," anatero.

Kwathu kuno mwana wakhanda ndi wozizira. Munthu amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi ndi wotentha, ndipo akanyamula khandalo, kapena kuthira mchere m'ndiwo zoti adye mayi ake, amalidula: limatupa, limakhosomola, limafota. Umenewo ndiwo mdulo. Kuopsaku kumatha makolo akamutengera mwanayo kumphasa pakapita miyezi, ndipo zikatero aliyense akhoza kumugwira. Mtsikanayu anali asanayere bwino m'thupi moti sakanathira yekha mchere, ndipo manja ake awiri sakanakwanira mapoto ndi mwana. Atsikana a ganyu a pamsika sankawakhulupirira. Ankafuna mkazi wozizira ndithu, wopanda womuyang'ana, ndipo pa Furancungo ponse panalibe wozizira kuposa ine.

Malipiro ake anali chakudya ndi kachipinda kosungiramo makala kuseri kwa baraka. Munali mothina, munkanunkha utsi, koma munali ndi chitseko cha malata chokhala ndi kawaya kokolowekera mkati. Tsiku loyamba kawaya kameneko ndinakakoloweka, kukakolola, kukakolowekanso, kungomva kukoma kwake. Munthu amene sanagonepo panja sangamvetse kuti tulo ndi kawaya.

Lamulo linali limodzi, loti ndizisamba, chifukwa wogwira mwana ndi chakudya cha anthu sangakhale mmene ndinalili. Anandipatsa sopo, chipeso ndi kapulana yake yakale ya maluwa achikasu. Nditadutsa pamsika nditasamba, mayi wa mwendo wotupa uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wagwetsa mpanda," anatero, n'kutembenukira kwina.

Sindinasamale. Miyezi imeneyo ndinakondwa, ndipo ndikunena mosabisa. M'mawa ndinkakoleza moto, kutsuka mpunga, kubereka mwana pamene mayi ake akutumikira anthu. Nyemba zikapsa ankandiitana, "Atitiya, dzanja lanu," ine n'kutapa mchere m'kachitini n'kuwaza. Ntchito yaing'ono, koma pabaraka ponse panalibe wina woigwira. Mwanayo anali wamwamuna, wa tsitsi lambiri, wokonda kugona atagwira khutu langa. Kumsana kwanga kunali kutaiwala kutentha kwa mwana, ndipo kutakumbukira ndinkalira ndekha ndikusenda anyezi, kuti anyeziyo asenze mlandu. Chifuwa chinaleka. Masaya anabwerera. Bambo a mwanayo, amene ankayendetsa mota, ankandiseka kuti posachedwa abwera anthu kudzafunsira mbeta, ine n'kuwayankha kuti akabwera muwauze kuti ndili pantchito ya boma.

Zinachitika masana, dzuwa lili ng'aa, nthawi imene fodya anali atayamba kugulidwa ndipo amuna anali ndi ndalama zowayabwa m'matumba. Ndinatsikira kumtsinje kumunsi kwa msika kukachapa matewera. Udzu unali wautali kupitirira munthu. M'udzumo munatulukira mwamuna amene ndinali ndisanamuonepo kale, ndipo sindinamuonenso. Ankanunkha nipa, kachasu. Anandigwira pakhosi, anandimenya m'nthiti ndi bondo, ndipo kabudula uja ndinali nditasiya kuvala chifukwa ndinkadziona ngati munthu wa pakhomo. Ndinakuwa, koma kumsika kunali nyimbo zikuphulika m'mabaraka a mowa. Zotsalazo sindilemba. Atachoka ndinatola matewera amene anamwazika m'matope n'kuwachapanso, chifukwa anali a eni ake.

Pokwera chitunda ndinkaganiza chinthu chimodzi chokha. Palibe anaona. Mabala onse anali mkati mwa zovala, ndipo pakhosi ndinakulungapo mpango. Ndikangotseka pakamwa, kawaya kaja n'kanga. Ndikanena, ndine wotentha, ndipo mkazi wotentha pabaraka paja analibe ntchito.

Mudzafunsa ngati ine za mdulo ndimazikhulupirira. Ndine Mkhristu, ndipo kusukulu ndinapitako. Ana anga atamwalira, achipatala anati malungo, anthu a m'mudzi ankanong'ona kuti bambo awo ankayendayenda ndipo anawadula. Mpaka lero sindidziwa amene ankanena zoona. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinaikapo ana m'manda, ndipo zinthu zotere sayesera pa mwana wa mnzako.

Ndinafika nyemba zikubwata, anthu atayamba kale kukhala pamabenchi.

"Mwachedwatu, atitiya. Dzanja lanu, nyemba zapsa."

Ndinatenga kachitini kaja. Ndinatapa mchere, ndinaumva m'zala, ndinayang'ana mwana ali kumsana kwa mayi ake akuyamwa chibakera. Kenako ndinaubwezera m'chitini.

"Thirani inu lero, amake mwana."

"Muli kumwezi?"

Apa panali pothawira, chifukwa mkazi wa kumwezi nayenso sathira mchere, ndipo bodza limenelo likanandisunga masiku angapo. Ndisanayankhe, iye anamasula mbereko.

"Chabwino, ndithira ndekha, ndinayera kale ine. Ndigwirireni mwanayu."

Anandipatsira mwanayo m'manja awiri, mwanayo akutambasula timikono take kufuna khutu langa. Ine manja anga ndinawabisa kumbuyo.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anamubwezera mwanayo pachifuwa pake pang'onopang'ono, n'kundikokera kuseri kumene kunalibe anthu. Kumeneko anandifunsa za amene wanditenthetsa.

"Ndi bambo a mwanayu?"

"Ayi."

"Lumbirani."

"Pali Mulungu, si iwo."

Ndinaona mapewa ake akutsika. Sindimuimba mlandu, mayi aliyense akanayambira pomwepo, chifukwa bambo akayenda panja mwana asanatengedwe, mdulo wake ndi womwewo. Kenako ndinamasula mpango n'kumuonetsa pakhosi, ndipo ndinamuuza zonse. Analira kwambiri kuposa ine. Ananditenthetsera madzi, anandipatsa mbale ya mpunga, akungobwereza mondipepesa kuti, "Pasiyensiya, atitiya, pasiyensiya." Koma madziwo anawaika pansi kuti ndinyamule ndekha, ndipo mwana anamusunthira mbali ina ya thupi lake.

Madzulo bambo a mwanayo atabwera, ndinawamva akukambirana kuseri kwa malata. Mwamunayo sanakweze mawu. Anati mwina n'zoona, mwina si zoona, munthu wa mumsika ndi wa mumsika, ndipo mdulo sufunsa ngati munthu anavomera kapena anakana. Anatinso mwamuna amene walawa kamodzi adzabweranso, ndiye tizikhala ndi mantha tsiku lililonse? M'mawa mtsikanayo anabwera maso ali ofiira.

"Atitiya, mungodikira pang'ono. Tikangomutengera mwanayu kumphasa, mudzabwerera. Pamenepo sipadzakhalanso choopa."

Ndinapinda mphasa yanga, ndinatenga poto wanga. Kapulana ya maluwa ija anati ndisunge. Ndinapita pangodya ya mayi wa mwendo wotupa, ndikuyembekeza kuti andikumbutsa mawu ake. Anangosuntha pang'ono kuti ndipeze poyala.

Kuchipatala sindinapite msanga. Manyazi analipo, koma chachikulu n'chakuti munthu wopanda pokhala tsiku lake limathera pa kufuna chakudya, ndipo ukakhala pamzere wa kuchipatala, madzi ako akutunga wina. Ndinapita thupi litatentha, kumunsi kukutuluka zonunkha, kuyenda ndikukoka mwendo. Enfermera, namwino amene anandiona, anali mkazi wofatsa. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula mawu, n'kupuma mozama.

"Mayi, mukanabwera nthawi yomweyo. Alipo mankhwala otchinga matenda, koma amafuna changu. Mumakhala kuti?"

"Kumsika."

"Pafupi ndi msika?"

"Ayi, mumsika."

Anasiya kulemba. Anandifunsa ngati ndikufuna kukanena kupolisi, ine ndinati ndikanena kuti ndani, munthu wonunkha nipa m'nyengo ya fodya? Angamange boma lathu lonse la Macanga. Anandipatsa mankhwala a mabalawo nandiuza kuti ndidzabwerenso kudzayezetsa magazi. Nditabwerera patapita miyezi, anandipeza nako kachilombo. Amuna anga atamwalira ndinayezetsa ndipo ndinalibe, choncho ndikudziwa kumene ndinakatenga. Anandipatsa botolo la makomprimido, mapiritsi omwa tsiku ndi tsiku, n'kundilangiza kuti ndizidya mokwanira, ndizigona pofunda, ndisamadandaule kwambiri. Ndinamuthokoza. Malangizo ake anali abwino, kungoti anali a munthu wina.

Chisanu cha chaka chimenecho chinali choopsa. Botolo lija ndinkalimanga m'pepala la pulasitiki pamfundo ya kapulana, kuopa mame ndi akuba, chifukwa woledzera akamva cholira m'chiuno mwako amayesa ndalama. Makomprimido opanda chakudya amazunguza mutu, amakulotetsa zoopsa. Chifuwa chinabwerera. M'mawa wina mayi wa mwendo wotupa sanadzuke, ndipo anthu a boma anabwera kudzamunyamula. Palibe ankadziwa kwawo, ngakhale ine amene ndinkagona naye msana ndi msana. Kuyambira pamenepo ndinalibe woyankhula naye, moti kuyankhula ndekha kuja kunasiya kukhala kochita kupanga.

Chimene chinkandidzutsa m'mawa uliwonse chinali lonjezo lija. Baraka ija ndinkaizungulira patali, kuti mtsikanayo asaone ngati ndikumukumbutsa, koma maso anga sankachokapo. Ndinkayang'ana chinthu chimodzi: kodi mwanayo akumunyamula ndani?

Kutayamba kutentha, mitengo ikuphuka masamba ofiira, ndinaona mnyamata wina wa mota, wodziwika pamsika ponse kuti sagona kwawo, atamunyamula mwana uja akumuponya m'mwamba, mayi ake akuseka. Mwana anali atatengedwa.

Ndinapita pamjigo n'kusamba, ngakhale ndinkadziwa mtengo wake wa kusamba. Ndinapesa tsitsi ndi zala, ndinavala kapulana ya maluwa ija. Mtsikanayo atandiona anasiya chikombe n'kundithamangira. Anandigwira manja onse awiri, anagwada pansi anthu akuona.

"Atitiya, mwana uyu ali moyo chifukwa cha inu. Wina akanangokhala chete n'kuthira. Ine sindidzaiwala."

Anandipatsa mwanayo. Anali atalemera, mano awiri atatuluka, miyendo ili nganganga. Anandiyang'ana kumaso, anakwinya chipumi, n'kuyamba kulira akufuna mayi ake. Anali atandiiwala, ndipo khutu langa sanaligwire.

Anandikhazika pabenchi n'kundipatsa mpunga ndi nyemba zodzaza mbale. Ndikudya, ndinasuzumira kuseri. Chitseko cha malata chija chinali chotsegula. M'kachipindamo munali matumba a makala mpaka kudenga, ndi makireti a zakumwa pamalo pamene ndinkayala mphasa. Iye anaona kumene ndikuyang'ana, n'kuyamba kupukuta tebulo limene linali loyera kale.

"Malonda akula, atitiya, katundu wachuluka. Ndipo tsopano zinthu zapepuka. Mchere ndikuthira ndekha, mwana akumunyamula aliyense."

Sananame. Ankafuna mkazi wozizira, ndipo nyengo yofuna mkazi wozizira inali itatha. Ndinafuna kumukumbutsa mawu ake, koma munthu amene wangokugwadira kumene sumamuumiriza. Ndinamaliza nyembazo. Mchere unali wokwanira bwino.

Ponyamuka anandiuza kuti ndidikire. Analowa mkati n'kutuluka ndi paketi yathunthu ya mchere, yosatsegula, nandiikira m'manja akundithokoza.

"Obrigada, atitiya. Muzibwera kudzationa."

Ku Furancungo sindinakhalitsenso. Pano ndili kumbali ya Chidzolomondo, kumene mlimi wina wandilola kugona m'chigafa chake, chisakasa choyanikamo fodya, bola ndizithamangitsa mbuzi zimene zimadya udzu wa denga. Chigafa chili ndi denga koma chilibe makoma, ndiye za chitseko sitinena. Kukatenga makomprimido ndi ulendo wa tsiku lathunthu wapansi. Fodya akayamba kuthyola adzafuna malo ake, ndipo ine ndidzapinda mphasa.

Masana ndimatola bonongwe ndi chisoso m'mphepete mwa minda n'kuphika m'kapoto kanga. Zikapsa ndimatapa mchere n'kuwaza, popanda wondiitana ndiponso popanda amene ndingamudule. Paketi ija sinafike ndi pakati pomwe. Munthu wodya yekha mchere sautha msanga.